Boganivila wa olenji uja anatuluka wa pepo: za nazale ya m'mbali mwa msewu kuno ku Zomba

Chiikireni chithunzi cha mpanda wathu pa status mwezi wa September anthu akhala akundifunsa pa WhatsApp kuti maluwa amenewo ndinagula kuti, ena mpaka kuimba foni usiku, nde ndati bola ndilembe kamodzi zonse, zabwino ndi zoipa zomwe, aliyense aone yekha chochita. Dzina la nazaleyo sinditchula. Ndi ya bambo ena achikulire amene amagulitsa m'mbali mwa msewu kufupi ndi kamtsinje, machubu akuda atandandalika pansi pa mtengo, kashedi ka udzu kumbuyo. Ndagulako katatu tsopano ndipo ndinakanganapo nawo kamodzi, nde ndikuganiza kuti ndili ndi ufulu wolankhula kkkk.

Tinalowa m'nyumba yathu ku Matawale mu 2022, nyumba yosamalizika bwinobwino, pulasitala mbali imodzi, panja fumbi lokhalokha ndi zidutswa za njerwa. Bambo a kunyumba ankafuna pabwalo ponse pakhale chimanga ndi mpiru basi, akuti maluwa sadyedwa. Ine nde ndinakula ndikuona nyumba zakale za boma zija kumtunda uku, za nthawi imene Zomba inali likulu la dziko lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, mipanda yake yodzaza boganivila wofiira mpaka kugwera mumsewu, ndipo tili ana ankatitengera ku Botanic Garden kuja kumene Mulunguzi amadutsa, munda umene anauyambitsa Alexander Whyte kale mu 1891. Mtima wanga unali pa boganivila kuyambira kalekale. Tinagwirizana kuti kumbuyo kukhale ndiwo, kutsogolo ndi kwanga.

Ulendo woyamba ndinapita mu December 2022 mvula itayamba. Chinthu choyamba chimene ndinawakondera bambowa nchakuti sakakamiza munthu. Mukudziwa ogulitsa ena ukangoima akuzungulira kale, ichi mayi, ichi mayi. Iwowa anangondilonjera, "Mwaswera bwanji mayi, onani kaye", nkupitiriza kuthira dothi m'machubu. Katundu analipo wambiri ndithu, hibiscus wofiira ndi wachikasu, duranta ya mpanda ija ya masamba achikasu, poinsettia, maroze pang'ono, mbande za mapeyala ndi mango zolumikiza, ndi boganivila mwina machubu 40 kapena kuposa. Vuto linali limodzi, nthawi ya mvula boganivila amakhala masamba okhaokha, onse obiriwira, onse ofanana ngati mapasa. Palibe chikwangwani, palibe kapepala, zonse zili m'mutu mwa eni ake.

Ndinawauza kuti ndikufuna asanu ndi mmodzi, awiri ofiira, awiri oyera, awiri a olenji. Olenjiyo ndi amene ndinkamufunitsitsa chifukwa wa pepo ali ponseponse, pa sukulu, pa tchalitchi, ku manda komwe. Anayenda m'mizeremo nkumatola, uyu wofiira, uyu woyera, uyu olenji, mosakayika nkomwe. Ndinafunsa kuti, "Achikulire, mukuwadziwa bwanji poti onse ndi obiriwira?" Anaseka, akuti, "Mayi, ana anga ndingawasokoneze ine?" Nde ndinakhulupirira. Ndinalipira K1,500 chubu chimodzi, olenji anati K2,000 poti ngosowa, ndinaonjezera hibiscus awiri, anandichotserako K500 nkundipatsa kaduranta kamodzi ka basela. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba koma amafuna uike ya kachotsedwe, zimene zimanditopetsa koma nde ndi paliponse masiku ano. Anandiitanira wa kabaza wa njinga yamoto amene amamudziwa, anamanga machubu mu katoni bwinobwino, anafika onse osathyoka.

Apa ndiwayamikire. Ndisananyamuke anatenga chubu chimodzi ndi lezala nkundionetsa kadulidwe kake. Akuti boganivila mizu yake ndi yanthete, yopyapyala ngati tsitsi, ukamukoka kuti atuluke m'chubu dothi likagumuka basi wamupha kapena akhala miyezi osakula. Anang'amba pulasitiki kuchokera pamwamba mpaka pansi pang'onopang'ono, nkunyamula dothi lonse m'manja awiri ngati dzira, timizu toyera tikuoneka m'mbalimu. Anati dzenje likhale lalikulu koma mtengowo usamire kuposa mmene unalili m'chubu, ndipo pakhale pamene dzuwa limawomba tsiku lonse, osati pansi pa mango. Zimenezi anandiuza mwaulere ndipo zonse zinali zoona.

Zimene sanandiuze, kapena mwina anandiuza ine osamva poti ndinali ndi chimwemwe, ndi za madzi. Ndinadzala onse asanu ndi mmodzi motsatira mpanda, kutalikirana pafupifupi mamita awiri. Awiri anagwera kumunsi kwa pulotiyi kumene madzi ochokera padenga ndi mumsewu amakumana. Nde mu March 2023 kunabwera namondwe wa Freddy. Sindikufuna kuyerekeza maluwa ndi zimene anthu anataya masiku amenewo, anthu anafa, nyumba zinagwa, ife tinangonyowa basi. Koma kona imeneyo inakhala dziwe kwa masiku ambiri, ndipo madzi ataphwa awiri aja masamba anasanduka achikasu nkuyoyoka onse, nditakumba mizu inali yakuda yonunkha. Oyera onse awiri anapita choncho. Limeneli si vuto la nazale, ndi langa, boganivila safuna kuima m'madzi ngakhale pang'ono.

Otsala anayi aja nde ndinayamba kuwalera ngati ana obadwa masiku asanakwane. M'mawa keni, madzulo keni. Bilu ya madzi ikubwera bambo a kunyumba akungondiyang'ana osalankhula. Kenako ndinaba kapu ya Urea m'thumba la chimanga nkuwathirira, patapita mwezi ndinabanso ina. Eeh abale anakula. Nthambi zazitali ngati zikwapu, masamba akuluakulu obiriwira bii, minga ngati misomali, mpaka aneba anayamba kudandaula kuti zikulowa kwawo. Koma duwa olo limodzi. June, July, chiperoni chinabwera nkupita, August, September jacaranda m'tauni atasanduka pepo, boganivila wa pa mpanda wa anthu ena amene samuthirira nkomwe ali psuu, wanga ali bii ngati tchire. Apongozi atabwera kuchokera ku Jali anaima nkuyang'ana, akuti, "Nanga mitengo ya minga imeneyi mwadzala kuti itetezere akuba?" Zinandiwawa koopsa.

Ndinabwerera ku nazale kuja mu October nditakwiya kale, m'mutu ndikuti anandigulitsa aamuna osabereka, ngati zija za mapapaya. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako funso loyamba, "Mumathirira kangati mayi?" Ndinati kawiri patsiku. Anagwira pakamwa. "Nanga feteleza?" Ndinati Urea. Anakhala pansi pa chidebe nkuseka mpaka kutsokomola, ine nditaima pamenepo ndi handibagi yanga. Akuti, "Mtengo umenewu ndi wa mavuto mayi, mukaupatsa zonse umaiwala ntchito." Anafotokoza kuti Urea ndi wa masamba, nchifukwa chake timathira ku chimanga pobereketsa kuti chibiriwire, ndipo nditakaona pathumba palembedwadi 46% nitrogen, palibe china chilichonse. Boganivila amachita maluwa akamva ludzu, nchifukwa chake kuno amakongola nyengo yadzuwa, mvula ikasiya mpaka October. Anati siyani kuthirira, mpaka muone masamba ayamba kufota pang'ono masana ndi pamene mumpatse madzi okwanira kamodzi, kenako muiwalenso. Feteleza ayi, ngati mtima ukukuvutani kamanyowa kowolerana bwino pang'ono pachaka basi. Ndipo zikwapu zazitalizo dulani, chifukwa maluwa amatuluka pa nthambi zatsopano.

Kudulirako nde kunali nkhondo. Musayerekeze ndi manja okha. Ine ndinavala majumbo m'manja poganiza kuti athandiza, munga unalowa pa chala chachikulu nkuthyokera momwemo, chinatupa sabata yathunthu ndikulephera kuchapa. Gulani magulovu achikopa aja a omanga nyumba ku hadiweya, ndipo nthambi zodulazo musazisiye pansi pamene ana amayenda opanda nsapato, ziunjikeni pakona ziume muwotche.

Chaka chimenecho ndinali nditachedwa kale, mvula inayamba, timaluwa tinangotuluka pang'ono pa wofiira mmodzi. Koma 2024 ndinamvera malangizo, kuyambira May sindinathirire pafupifupi konse, mtima ukuwawa ndikamadutsa ndi keni kupita ku mpiru. Kumapeto kwa July ndinaona tinthu tofiirira kunsonga, pofika September mpanda wonse unali utayaka moti a kabaza anayamba kulondolera anthu kuti "pa nyumba ya maluwa paja". Mwana wanga wamkulu ndi amene anandionetsa chinthu chimene zaka zonsezi sindinkachidziwa. Anathyola kamodzi nkuti amama taonani, zofiirazi si maluwa, ndi masamba. Ndinayang'anitsitsa, zoonadi, timasamba titatu topyapyala ngati pepala, tili ndi mitsempha ngati tsamba lina lililonse, ndipo pakati pake ndi pamene pali maluwa enieni, ting'onoting'ono toyera ngati timalipenga. Anakafufuza pa foni nkundiwerengera kuti kwawo kwa mtengowu ndi ku South America, ku Brazil ndi maiko oyandikana nawo, ndipo dzinali linachokera kwa Louis Antoine de Bougainville, Mfalansa woyendetsa sitima zapamadzi amene ulendo wake unadutsa ku Rio de Janeiro m'zaka za m'ma 1760. Nde ife tikamati boganivila tikutchula dzina la munthu osadziwa kkkk.

Tsopano nkhani ya olenji. Ofiira awiri anatulukadi ofiira, palibe chodandaula. A olenji awiri aja, amene ndinalipira mtengo wokwera, onse anatuluka a pepo. Pepo yemweyo wa pa sukulu ndi ku manda. Ndinadikira mwina asintha, ayi, pepo weniweni. Zaka pafupifupi ziwiri ndikudikira, mitengo itakula kale mpaka kupitirira mpanda, ungaizule bwanji? Ndinajambula nkupita nazo. Poyamba anayamba kuzungulira, akuti olenji amasintha mtundu akamakalamba, amapita ku pinki. Zimenezo nzoona ndithu, ndaonapo kwa mnzanga ku Old Naisi wake amayamba olenji nkumazilala kukhala ngati pinki, koma wanga sanayambe wakhalapo olenji olo tsiku limodzi. Ndinawauza kuti, "Achikulire, ine si mwana, paja munati ana anu simungawasokoneze." Anakhala chete, kenako anavomera kuti nthawi imeneyo mnyamata wowathandiza ndi amene anadula timitengo nkusakaniza mizere. Ndalama anakana kubweza, akuti inadyedwa kalekale, ndipo ndi mmene kwacha inagwera mu November 2023 ndi 44% K2,000 ija ikanagulanso chani. Koma anati adzandipatsa olenji mmodzi ulere akadzachita maluwa m'chubu momwemo kuti ndidzadzionere ndekha. Anandiuza kuti ndibwere pakatha masabata awiri, ndinapita katatu osapezeka, foni osayankha, ulendo wachinayi ndi pamene ndinamupeza atandisungira, kamtengo kakang'ono koma kali ndi timasamba ta olenji titatu kunsonga. Nde pamenepo ndinawakhululukira, theka.

Nchifukwa chake aliyense amene akundifunsa ndikumamuuza kuti kumeneko boganivila mukagule nyengo yadzuwa, August kapena September, pamene ali ndi maluwa m'chubu, muloze ndi chala kuti ndikufuna uyu. Mukafika naye kunyumba msungeni m'chubu momwemo pamalo owala, kumuthirira pang'ono, mudzadzale mvula ikayamba, kapena dzalani pompo ngati madzi muli nawo chifukwa akadali wamng'ono amafuna kuthiriridwa mpaka agwire. Zoti musamathirire zija ndi za mtengo umene wakhazikika kale, musakaphe kamwana nkumati ndinakuuzani ndine.

Hibiscus nde khalidwe lake ndi losiyana kwambiri, ndipo apa mpamene ndinasokonezeka poyamba chifukwa ndinkawasamala mofanana. Iyeyu amafuna madzi ndi manyowa, ukamumana masamba amagwa ndi timaluwa tosatseguka timayoyoka. Duwa lake lalikulu ngati sosala koma limakhala tsiku limodzi, mawa lapinda lagwa, kungoti amatulutsa ena tsiku ndi tsiku. Nthawi ya chiperoni amachita ulesi, kukayamba kutentha amadzuka. Ndi wachibale wa chidede chija timaphika ndiwo ndi kupanga juwisi, mukayang'ana duwa la chidede ndi la therere muona kufanana kwake. Koma mwa awiri amene ndinagula mmodzi anabwera ndi alendo. Patangotha sabata ndinaona nyerere zikukwera ndi kutsika, nditatembenuza tsamba pansi pake pali tinthu toyera ngati thonje tomatirira m'mphanda mwa nthambi, ukatifinya timatuluka madzi. Ndikanayang'ana ku nazale konko ndikanationa, sindinaganizeko. Ndinalimbana nato ndi madzi a sopo, kupopera madzulo dzuwa litapepa masiku atatu alionse, ndi masamba a nimu osinja oviika usiku wonse, nthambi zoipitsitsa ndinadula nkuwotcha. Zinatha patapita mwezi. Nde mukamagula tembenuzani masamba, musachite manyazi, ndalama ndi yanu.

Mdani wina ndi mbuzi. Za aneba a kuseri zinalowa tsiku lina geti itasiyidwa yotsegula, hibiscus wachikasu zinamumeta mpala mphindi zochepa, ndi boganivila wamng'ono yemwe zinamudya nsonga ngakhale ali ndi minga. Anaphukanso onse koma tsopano kalikonse kakang'ono ndimakazunguliza ndi nsungwi. Chiswe nacho chinadya timitengo touma timene ndinazika kuti tigwirizize nthambi, nde ndinasintha nkumangirira ku waya.

Pali chinthu china chimene ndinawalemekezera bambowa. Tsiku lina ndinaona kachitsamba ka maluwa a pinki okongola, masamba ataliatali, ndinati ndipatseni aka. Anafunsa kaye ngati ndili ndi ana aang'ono pakhomo. Nditati eya, wazaka zitatu, anakana kundigulitsa, akuti oleander ameneyo ndi poizoni thupi lonse, masamba, maluwa, utomoni, ngakhale utsi wake ukamuwotcha. Munthu wofuna ndalama yekha sakanatero. Koma bambo omwewo pakona ali ndi machubu a lantana, chitsamba chija cha timaluwa tosakanikirana tachikasu ndi pinki chimene chadzaza kale m'tchire ndi m'mbali mwa misewu, mbalame zimamwaza njere zake paliponse ndipo chimadwalitsa ng'ombe zikachidya. Ndinawafunsa kuti mukugulitsiranji tchire, akuti anthu amachifuna. Chimenecho musagule, pulizi.

Mitengo pano yakwera, ulendo womaliza boganivila wamba anali K3,500, wa maluwa kale K5,000, koma amanenerera ukagula zambiri. Ndinayerekeza ndi malo ena awiri m'tauni muno, iwowa ndi otsikirapo pang'ono ndipo mbande zawo zimakhala ndi mizu yokhwima, osati zija amazika kamtengo dzulo lero nkukugulitsa. Njira yodziwira anandiphunzitsa okha, yang'ana pansi pa chubu ngati timizu tayamba kusuzumira m'mabowo, ndipo gwedeza kamtengoko pang'ono, kakamagwedera ngati dzino lofuna kuchoka kasiye. Risiti kulibe, lonjezo la pakamwa basi, ndipo Lachisanu masana simuwapeza amakhala apita ku mzikiti, mnyamata amene amatsalayo mitengo yogulitsira amaidziwa koma mitundu ya maluwa ayi, nde musagule kwa iye chinthu chopanda duwa.

Chosangalatsa nchakuti pano ndayamba kupanga anga. Anandionetsa okha, ngakhale akudziwa kuti akudzichotsera kasitomala. Umadula kanthambi kokhwimirako konenepa ngati pensulo, kotalika ngati chikhatho ndi theka, kuchotsa masamba a m'munsi, kuzika mu mchenga wa kumtsinje wosakaniza ndi dothi pang'ono, kuvindikira ndi botolo la pulasitiki lodula pansi nkuika pamthunzi. Hibiscus amagwira msanga, boganivila ndi wamakani, amatha miyezi iwiri kapena kuposa ndipo ambiri amauma. Ine mwa khumi anagwira atatu. Ndamata selotepi pa chubu chilichonse nkulemba mtundu ndi maka, wofiira, wofiira, pepo, sindikufuna kudzakangana ndi munthu.

Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zitatu ndi theka. Imodzi yapita chifukwa cha olenji, theka chifukwa cha tizilombo ta hibiscus ndi maulendo atatu aja a kabaza opita pachabe. Oyera sindinagulebe, ndikudikira August ndikawaone ndi maso. Kona ya madzi ija ndadzalapo nthochi. Ka olenji kali mu chidebe chakale cha penti pakhonde, ndachiboola pansi, ndipo bambo a kunyumba amene ankati maluwa sadyedwa ndinawapeza dzulo akukathira madzi otsala m'kapu, ndinachita kuwalanda kapuyo.